Chilembo Chimene Chinadya Nkhalango

Ufumu wa Vomerezani suli pa mapu alionse, ndipo amene anafikako amati ndi bwino choncho. Likulu lake ndi Indebwana, mzinda wa fumbi, maminibasi ndi nyumba zosanja zimene sizitha kumangidwa. Wolamula kumeneko anali Mfumu Salakwa Wachitatu, mwana wa Salakwa Wachiwiri, amenenso sanalakwepo chibadwire. M'banja limenelo munalibe kulakwa monga momwe m'mabanja ena mulibe dazi.

Pakati penipeni pa mzindawo, kuseri kwa msika waukulu wa Tapirira, panali kankhalango kotchedwa Chatsala. Nkhalango zina zonse zinalowa kale m'matumba a makala. Iyi inapulumuka chifukwa nduna ziwiri zinkailimbirana m'bwalo la milandu mpaka zonse zinamwalira nkhani isanagamulidwe. Munali mikuyu, misuku, mibawa ingapo, kamtsinje konyamula majumbo ambiri kuposa madzi, komanso agwape.

Amene anatulukira za agwapewo ndi Dokotala Zelifa Nkhwazi, mphunzitsi wa zachilengedwe pa sukulu yaukachenjede ya ufumuwo. Anzake pa sukulupo ankafufuza zinthu zosapweteketsa, monga nzeru zobisika m'kutsokomola kwa Mfumu, ndipo ankakwezedwa chaka ndi chaka. Iye ankavala magambutsi n'kulowa m'tchire kukatola ndowe, kuyeza mapazi ndi kumangirira makamera pamitengo. Agwape ena anawaveka malamba a pakhosi otumiza chizindikiro ku kachipangizo kamene ankayenda nako m'chikwama, kotero ankadziwa kumene aliyense wadya ndi kumene wagona. Kafukufuku wake anasonyeza kuti agwape a m'tauni amadya nkhuyu zimene apusi agwetsa, amabereka chaka chilichonse, ndipo amadikira maloboti afiire asanawoloke msewu, chinthu chimene madalaivala a maminibasi a ku Indebwana anali asanafikepo pochimvetsa.

Tisabise, Zelifa ankawakonda agwape aja kuposa abale ake ena. Zimene ankafuna zinali zochepa: mpanda wozungulira Chatsala ndi lamulo loletsa misampha ndi nkhwangwa. Anagogoda m'maofesi mpaka zala zinachita zikang'a, ndipo paliponse ankamuuza kuti abwere mawa. Mwayi unabwera pamene kunamveka kuti kukubwera alendo a kunja okonda zachilengedwe. Bwalo la nduna linazindikira mwadzidzidzi kuti nalonso limakonda zachilengedwe kuyambira kalekale, ndipo linakhazikitsa tsiku lalikulu loti Mfumu ilankhule. Zelifa anamulola kulemba chiganizo chimodzi chokha m'mawu a Mfumuyo. Anachisinkhasinkha, kuchifufuta, kuchilembanso, mpaka chinatsala chosalala chonchi: "Nyama zathu za mumzinda uno tizisunge, kuti ana athu adzazione."

Tsono Mfumu Salakwa sinkavala magalasi. Bwalo linagamula kale kuti maso a mfumu sakalamba, ndi zilembo za masiku ano zimene zikuchepa. Tsiku lija litafika, Mfumu inaima pa nsanja, khamu lili bata, alendo atatchera makutu kwa womasulira. Inatalikitsa pepala, kulibweza pafupi ndi mphuno, kulitalikitsanso. Kachilembo koyamba ka liwu loti "zathu", z, kanaoneka ngati y. Ndipo chilankhulo cha kumeneko chili ngati chathu chomwechi: ukangoyamba ndi ya, mawu onse otsatira amagwada okha.

"Nyama yathu ya mumzinda uno tiyisunge," inatero Mfumu. Apa mzere unaisokonekera, koma mfumu siimira panjira, ndiye inamaliza ndi zimene zinali pamtima pake. "Kuti ana athu adzayilawe."

Ng'oma zinalira, amayi ovala nsalu za nkhope ya Mfumu anaimba nthungululu, alendo anaomba m'manja chifukwa womasulira, munthu wa ana ambiri, anawauza zimene zinali papepala. Zelifa yekha ndiye sanaombe nawo m'manja.

Tsiku lotsatira bwalo linakumana. Wotsogolera anali a Kanyambita, Nduna Yoona Kuti Mfumu Yanena Zoona, munthu wamfupi, wofatsa mawu, amene anatumikira mafumu awiri osatsutsanapo ndi imodzi yomwe. Nduna ina yokalamba inayerekeza kunena kuti mwina papepala panali z. Analitenga pepalalo, kuliyang'ana, n'kupezadi kuti z alipo. Pepalalo linapezeka lolakwa pa mlandu wotsutsana ndi Mfumu ndipo linatenthedwa pomwepo. Mkulu wa sukulu yaukachenjede, pofuna kupulumutsa zinthu, anapereka maganizo oti Mfumu, mwa nzeru zake zakuya, inkatanthauza nyama imodziimodzi yamoyo, gwape aliyense payekha. A Kanyambita anamufunsa mwaulemu ngati pa sukulu yakeyo gwape wamoyo amalawidwa. Mkuluyo anati afufuza, ndipo anakhala pansi.

Zotsatira zake zinali ziwiri. Choyamba, popeza Mfumu yalamula kusunga nyama, ndipo nyama imasungidwa m'filiji, pamangidwe Nkhokwe ya Nyama ya Ufumu, chifiliji chachikulu ngati tchalitchi. Zoti magetsi a ku Indebwana amabwera ngati mlendo wa pa maliro, kukhala pang'ono n'kutsanzika, palibe anazitchula. Chachiwiri, kuyambira tsiku limenelo aliyense wonena kuti "nyama za" kapena "nyama izi" akhala akukonza Mfumu pakamwa, ndipo adzaona zakuda.

Lamulo litafika ku msika wa Tapirira, anthu analilandira ndi manja awiri, ndipo analimvera mopitirira muyeso. Anati poti sakudziwa kuti z woopsayo ndi uti, ndi bwino kuwataya onse. Amayi a mazira anayamba kugulitsa mayira. Madzi a m'majumbo anasanduka madyi. Munthu akagula, wogulitsa ankagwada pang'ono n'kunena kuti yikomo. Mwamuna ankaloza anzake n'kunena kuti awa ndi anyanga, ndipo anzakewo ankavomera kuti ndi yoona. Asilikali a Mfumu anazungulira msika wonse nkhope zili gwaa, akumva bwinobwino kuti akusekedwa, koma osapeza womugwira. Ungamange bwanji munthu chifukwa chomvera kwambiri?

Zelifa sankaseka nawo. Chifiliji chija chinkakwera mofulumira, chifukwa ku Vomerezani chinthu chokhudza pakamwa sichichedwa ngati mlatho. Chitatsala pang'ono kutha, a Kanyambita anamuitana ku ofesi yawo, anamupatsa mpando wofewa ndi tiyi wa mkaka, n'kumuuza uthenga wabwino. Mfumu yamukweza kukhala Mlangizi Wamkulu wa Kasungidwe ka Nyama. Pa tsiku lotsegulira Nkhokwe, nyama yoyamba kulowamo iyenera kukhala ya mumzinda momwemo, monga Mfumu inanenera. Ndiye kachipangizo kake kaja, kodziwa kumene gwape aliyense ali, akapereke kwa alenje a Mfumu.

"Bwana Nduna, ine ndinalemba kuti nyama z..."

"Samalani lilime, adokotala," anatero a Kanyambita akuvundula tiyi. "Ndimakukondani. Musandipatse ntchito imene sindikuifuna."

Zelifa anatuluka muja. Kwa zaka zonsezi ankaganiza kuti malamba aja akuteteza agwape, ndipo tsopano anaona kuti anawamangirira mabelu oitanira mfuti. Kukana kunali kosatheka, chifukwa kachipangizoko kanali ka sukulu, sukulu inali ya Mfumu, ndipo akanangokalanda. Kukaphwanya kunalinso kopanda phindu, poti alenje akanalowa ndi agalu n'kusesa nkhalango yonse. Agwape akanapulumuka pokhapokha Mfumu itakhulupirira kuti kulibe.

Kumapeto kwa msika, kumene makola a mbuzi amatsamira mitengo ya Chatsala, kunkagulitsa mbuzi bambo Chagwa, munthu wamtali wosafulumira pa chilichonse. Ankadziwana ndi Zelifa chifukwa njira yake yolowera m'nkhalango inkadutsa pa khola lawo, ndipo nthawi zina ankamusungira magambutsi. Zelifa anawafotokozera zonse. Malamba aja anapangidwa kuti azimasuka okha munthu akadina batani, kuti gwape asafe nalo pakhosi. Iye adina, akawatola m'tchire, ndipo akupempha mbuzi zoti aziveke. Kenako akauza Mfumu kuti kafukufuku wake yense anali wabodza.

Bambo Chagwa anakanda pamutu nthawi yaitali. Anati mbuzi si vuto, ali nazo nkhalamba zingapo zimene ngakhale a chiwaya amazikana. Koma anamuyang'ana m'maso n'kusiya nthabwala za msika zija.

"Mayi, mbuzi zanga zikapita ndidzaiwala. Inu mukutaya dzina. Mwana wa munthu kuphunzira mpaka kunja, lero adzinenere yekha kuti sadziwa kusiyanitsa mbuzi ndi gwape?"

Zelifa anangoti dzina silipuma mpweya, ndipo anapempha magambutsi ake.

Tsiku losaka linafika ndi ulemerero wake wonse. Patsogolo panali bandi, kenako alenje ovala yunifolomu yatsopano, kenako a wailesi ya kanema, ndipo pakati pawo a Kanyambita atanyamula kachipangizo kakulira tii, tii. Anafika pa khomo la nkhalango, kachipangizo kanawakhotetsa. Analowa mumsika. Anadutsa mzere wa tomato, mzere wa kaunjika, mzere wa usipa, bandi ikuimbabe chifukwa palibe anaiuza kuti isiye. Msika wonse unatseka mabenchi n'kutsatira pambuyo. Kulira kuja kunakula mpaka kunafika pa khola la bambo Chagwa, pamene tonde wokalamba, lamba wa kafukufuku ali pakhosi, ankatafuna jumbo mosatekeseka.

Mayi wina wa tomato anauza mnzake, mokweza ndithu, kuti agwape a masiku ano akumera ndevu. Mnzakeyo anayankha kuti ndi chitukuko. Alenje anayang'ana a Kanyambita, a Kanyambita anayang'ana Zelifa nthawi yaitali, kenako analamula kuti mbuzizo zitengedwe ndipo dokotalayo akaonekere pamaso pa Mfumu.

M'bwalo la Mfumu, Zelifa anagwada pa simenti n'kunena zimene anakonzekera. Anati ku Chatsala kulibe gwape ndipo sikunakhalepo gwape. Ndowe zimene ankatola zinali za mbuzi zosochera, zithunzi za m'makamera zinali mbuzi zomwezo zitaima pamthunzi, ndipo nkhani ya maloboti anangoipeka kuti atchuke. Liwu lililonse linkatuluka ngati akudzizula dzino yekha. Anzake a pa sukulu, amene dzana ankapempha kuti maina awo alembedwe nawo pa kafukufukuyo, anaimirira mmodzimmodzi kuchitira umboni kuti iwo ankamukayikira kuyambira pachiyambi. Mmodzi anaonjezera kuti ngakhale mayendedwe ake sanali a munthu wophunzira.

Mfumu inasangalala kwambiri. Panalibe chinthu chimene inkachikonda ngati kuona munthu wolakwa, poti kwa iyo chinali chachilendo ngati kuona ngamila. Inalankhula nthawi yaitali za kufooka kwa anthu wamba, kenako inachita chifundo. Sanamumange. Anangomuvula udokotala, ntchito ndi nyumba ya sukulu, n'kulengeza pa wailesi kuti ana a sukulu aphunzirepo kanthu pa mayi ameneyu. Nkhokwe inatsegulidwa ndi mbuzi za bambo Chagwa, ndipo magetsi anathima mwambo usanathe.

Koma Zelifa anatuluka m'bwalomo mtima uli mbee. Anapeza kachipinda kuseri kwa msika n'kuyamba kuthandiza mayi wina kugulitsa mbande za mitengo. Ana akamuona ankalira ngati mbuzi, ndipo iye ankawabayibitsa. Nthawi zina ankaima pa khola la bambo Chagwa n'kuyang'ana m'mitengo, osalowamo, kuopa kuti wina angamutsatire. Ankadziwa kuti nyengo yobereka yayandikira, ndipo zimenezo zinkamukwanira.

Chimwemwe chimenecho sichinaone mvula. Pa msonkhano wina wa bwalo, a Kanyambita anafunsa modzichepetsa kuti kodi tchire lili pakati pa likulu likuchitapo chiyani. Anakumbutsa nduna kuti Chatsala ankasiyidwa chifukwa panali kafukufuku wonena kuti muli nyama, ndipo alendo a kunja akanadandaula. Tsopano katswiri mwini wake wavomera pamaso pa Mfumu kuti mulibe kanthu. Nkhalango yopanda nyama ndi nyumba ya udzudzu ndi akuba basi. Nduna zonse zinagwirizana nazo mwamsanga kuposa mmene zinagwirizanirapo pa china chilichonse, ndipo msonkhano usanathe aliyense anali atadziwa kale puloti yake. Malo atsopanowo anawapatsa dzina loti Mudzi wa Chilengedwe, ndipo pachipata padzaikidwa gwape wa simenti.

Zelifa anamva nkhaniyi pa wailesi ya munthu wosoka nsapato. Anathamanga mmene analili, matope a mbande ali m'manja, mpaka ku ofesi ya a Kanyambita. Ulendo uno panalibe mpando wofewa kapena tiyi. Anagwira mwendo, anatchula mikuyu, kamtsinje, mthunzi wa msika, mileme imene imadya udzudzu womwe akuunenawo. A Kanyambita anamumvetsera mpaka anamaliza.

"Mayi Nkhwazi, funso langa ndi limodzi. M'nkhalango muja muli nyama kapena mulibe? Ngati ilimo, filiji ikudikira, ndipo inu munanamiza Mfumu mutagwada. Ngati mulibe, mathirakitala akudikira. Sankhani nokha, ndinu katswiri."

A Kanyambita anatsegula chitseko kuti Zelifa atuluke, ndipo akudutsa anamuuza chapansipansi kuti iwo anakulira kumudzi, ndowe za mbuzi amazidziwa bwino. Apo ndi pamene anazindikira kuti munthu uja sananamizidwepo ngakhale tsiku limodzi. Gwape mmodzi ndi ndiwo za tsiku limodzi, koma puloti ya pakati pa tauni ndi ya ana ndi zidzukulu, ndipo iye ndi amene anaipereka, atagwada, ndi pakamwa pake. Analira panjira ponse mosabisa, anthu akumuyang'ana.

Mwambo woyamba ntchito unachitika dzuwa lili paliwombo. Anamanga nsanja moyang'anana ndi mkuyu waukulu wa pa khomo la nkhalango. Mfumu inakhala pa mpando wake, nduna m'mbali mwake, alenje ndi mfuti zawo kutsogolo ngati alonda aulemu. Anthu a mumsika anaunjikana kuseri kwa chingwe, Zelifa ali pakati pawo. Anadziuza kuti sapita, koma miyendo inamutengera komweko. Mfumu inadula riboni, mathirakitala anabangula, macheka a injini anayamba kulira m'kati mwa mitengo.

Phokosolo ndi limene linatulutsa mmodzi wa agwape aja. Gwape anatumphuka m'zitsamba n'kudzaima pa bwalo loyera pakati pa mkuyu ndi nsanja, akunjenjemera, osadziwa kolowera. Anali wamkazi, mimba itatsika. Pakhosi pake panali mzere wopanda ubweya pamene lamba ankakhala. Zelifa anamudziwa nthawi yomweyo, ndiye woyamba amene anamuveka, ali kamwana.

Bandi inasiya kuimba yokha. Alenje anakweza mfuti pang'ono n'kudikira. Mfumu inatsinzinira maso, kuwatong'ola, kuwatsinziniranso.

"Kodi chaima apocho n'chiyani?"

A Kanyambita anayang'ana m'khamu muja mpaka anapeza Zelifa, ndipo anamwetulira mwaulemu.

"Mwini Dziko, tili ndi mwayi. Amene ankafufuza zimenezi ali pompano. Mayi Nkhwazi, Mfumu ikufunsa."

Anthu anapatuka, Zelifa anatsala yekha pa chingwe. Umboni wa ntchito ya moyo wake wonse unali utaima apo, pamaso pa Mfumu, nduna ndi makamera. Akanangotchula liwu limodzi dziko lonse likanadziwa kuti sananame pa kafukufuku wake, ndipo mwina, mwina, alendo a kunja akanamva n'kufunsa za mitengoyo. Anayang'ana zala za alenje. Anayang'ana mimba ija.

"Ndi mbuzi, Mwini Dziko."

"Ndimaona choncho," inatero Mfumu. "Ichotseni, ikuipitsa mwambo."

Msilikali wina anaomba m'manja. Gwape anadumpha chingwe n'kulunjika m'khamu, ndipo anthu a ku Tapirira, osauzana, anatsegula kanjira, n'kukatsekanso atangodutsa. Aliyense anayang'ana kutsogolo ngati sanaone kanthu. Kumene gwapeyo akagone usiku umenewo, kumene akaberekere mumzinda wa simenti ndi agalu, palibe ankadziwa, ndipo Zelifa analibenso kachipangizo komuuza.

Sanatembenuke kuti aone kumene walowera. Anaima pomwepo atagwira chingwe, mpaka mkuyu waukulu uja unapendekeka n'kugwa, nduna zikuomba m'manja.